Karoti amene agogo athu ankalima koma osadya

Mvula ikangoleka kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, kuno ku Harare m'mawa kumayamba kuzizira, ndipo aliyense amene ali ndi kamalo kuseli kwa nyumba amayamba kutipula. Yendani ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth mudzaona nokha, ndi repu, mpiru, kovo, anyezi pang'ono, wina tomato ngati ali ndi madzi okwanira. Karoti ndiye ayi. Ndafunsapo anthu ambiri a kwathu, a ku tchalitchi ngakhale amene timakumana pa maliro, yankho limakhala lomwelo, akuti karoti ndi wovuta, samera, ena amangoti ameneyo ndi wa ku mayadi. Ndiye timakagula ku msika wa Mbare pa Khrisimasi kapena pakakhala ukwati, timudule timudule n'kuponya mu mpunga kuti uoneke bwino, kapena kumupala n'kusakaniza ndi kabichi ndi mayonezi, basi nkhani yathera pomwepo mpaka chaka chamawa.

Ine zimenezi zimandipweteka mtima ndithu, chifukwa mu mzinda uno ngati pali anthu amene ankamudziwa karoti kuyambira njere mpaka pa mbale, anali agogo athu omwe. Anthu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ena wapansi kudutsa ku Tete, ena pa malole a Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno, makamaka zaka za chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ngakhale ambiri anabwera kale zimenezo zisanayambe. Ena anapita ku migodi, ena ku mafamu a fodya, koma gulu lalikulu ndithu linalowa m'mayadi a azungu ku Avondale, Highlands, Mount Pleasant, Borrowdale, kugwira ntchito ya ukhukhi ndi ya m'gadeni. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa a m'gadeniwo. Karoti amene ankafika pa tebulo la bwana anali wa manja awo, ndiwo ankadziwa kuti bedi lakupsa liti, mbewu ifesedwe liti, madzi achuluke pati. Koma akabwera ku lokeshoni kumapeto kwa sabata, pa kamalo kawo ankadzala chimanga, nkhwani, mpiru ndi nyemba, chifukwa ndi zimene zimayenda ndi nsima, ndipo malo ake anali ochepa moti sungawawonongere chinthu chosakhutitsa. Sindikuwadzudzula ayi, anali ndi ana ambiri oti adye. Chimene chinachitika n'chakuti luso lija linatsalira ku mayadi, ana awo sanalione likugwiritsidwa ntchito pakhomo, ndiye ife adzukulu tinakula tikuganiza kuti karoti si wathu.

Chonsecho mbewu imeneyi ngakhale kwa azunguwo inali yobwera. Karoti wam'tchire, amene a sayansi amamutcha Daucus carota, amamera yekha ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, ali ndi muzu woyera, wowonda, wolimba komanso wowawirira, ndipo Agiriki ndi Aroma akale ankamufuna kwambiri chifukwa cha njere ndi masamba ake ngati mankhwala. Karoti wa muzu wonenepa wodyedwa anayambira ku chigawo cha Afghanistan ndi Iran, ndipo umboni wake umaoneka bwino cha m'ma 900. Mtundu wake sunali umene tikuudziwawu. Anali wofiirira wakuderako, papo, wina wachikasu. Amalonda ndi alimi achiarabu ndi amene anamufalitsa kudutsa kumpoto kwa Africa mpaka ku Spain cha m'ma 1100, kenako analowa m'mayiko ena a ku Ulaya, kwinaku akupita kum'mawa ku China ndi ku Japan. Wa olenji uyu anakhazikika ku Netherlands m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, alimi akusankha mwa achikasu aja amene anali okoma ndi owala kwambiri chaka ndi chaka, ndipo zojambula za ku misika za nthawi imeneyo zimamuonetsa. Pali nthano imene imayenda pa intaneti yoti anamupanga dala polemekeza William of Orange, mtsogoleri wa Adatchi, koma akatswiri a mbiri sanapeze umboni wa zimenezo. Chifukwa chomveka n'choti wofiirira uja ankadetsa msuzi ndi miphika, pamene wa olenji anali wotsekemera ndipo supu ankaoneka bwino.

Kum'mwera kwa Africa kuno anabwera ndi zombo. Jan van Riebeeck atafika ku Cape mu 1652, ntchito yake yaikulu inali kulima dimba loti amalinyero a kampani ya Chidatchi azipeza ndiwo zamasamba, ndipo karoti anali m'gulu la mbewu zimene anafesa. Mpaka lero pali mtundu wotchedwa Cape Market. Kuchoka apo anayenda ndi amishoni ndi atsamunda. Kumudzi ku Malawi ndiye anapeza malo amene amamukonda, kumapiri ozizira a Dedza ndi Ntcheu, amene anakwerapo basi ya pa M1 akudziwa mmene pa Lizulu pamakhalira, milu ya karoti, kabichi, mbatatesi, amayi akuthamangira pa mawindo. Ndiye ngati abale athu a ku Lizulu ndi ku Tsangano amamulima n'kumaphunzitsira ana sukulu, ife kuno chikutiletsa n'chiyani? Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, nyengo yathu yozizira ya Meyi mpaka Julayi ndi yomwe karoti amafuna.

Tsopano za kalimidwe, pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu amagwera ulesi.

Choyamba ndi dothi. Mzinda uno uli ndi dothi la mitundu iwiri makamaka, katondo wofiira wa kumpoto kuja, ndi lamchenga la kumene kuli miyala ikuluikulu ngati ku Epworth, Mabvuku, Tafara ndi Chitungwiza. Anthu amadandaula kuti lamchenga ndi losauka, chimanga sichichita bwino popanda feteleza, inde n'zoona, koma kwa karoti limenelo ndiye labwino kwambiri, muzu umatsika mosavuta, wowongoka bwinobwino. Agogo ankavutika ndi katondo ku mayadi, ankachita kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi kompositi, pamene ife a ku malokeshoni ambiri mchenga tili nawo kale pakhomo. Kumbani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma zonse, tolani miyala, magalasi, zidutswa za njerwa ndi mapulasitiki amene amadzaza m'mayadi athuwa, chifukwa kansonga ka muzu kakagunda chinthu cholimba kamapatuka n'kuchita mphanda. Ngati muli pa katondo kapena pa makande a kudambo, kwezani bedi m'mwamba ndipo sankhani mtundu waufupi wonenepa ngati Chantenay.

Chachiwiri ndi manyowa, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Munthu ali ndi nkhuku za broila kuseli, watenga zitosi zaziwisi wathira m'bedi kuti mbewu isangalale. Repu amasangalala ndithu, koma karoti amatulutsa masamba ambiri okongola, pansi muzu uli ndi miyendo itatu ndi tiubweya paliponse. Amafuna manyowa owolerana bwino, akale, ndipo chabwino koposa ndi kumudzala pa bedi limene munathira manyowa ambiri nyengo yapita pamene munali kabichi kapena repu. Phulusa pang'ono la nkhuni limathandiza. Feteleza wobereketsa wa nayitrojeni wambiri musamuyandikize kwenikweni.

Chachitatu, karoti sawokera. Anthu tinazolowera kugula mbande za repu ndi tomato pa nazale, ndiye wina amafesa karoti m'kabokosi kuti adzawokere, ukazula kamuzu kaja kamaduka kapena kupindika ndipo sikadzawongokanso. Amafesedwa pomwe adzakulire. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, ndiye agogo ankazisakaniza ndi mchenga wouma m'chitini, n'kumawaza m'timizere tosazama, sentimita imodzi basi, mizere yotalikirana masentimita 20 mpaka 30. Mukakwirira kwambiri sizituluka, ndipo nthawi zambiri anthu akamati mbewu inali yakufa vuto limakhala limenelo, kapena kuuma kwa dothi la pamwamba. Zimatenga sabata imodzi mpaka zitatu kuti zimere, ndipo nthawi yonseyo pamwamba pasaume ngakhale tsiku limodzi. Njira ya agogo inali kuyala saka lachiguduli lonyowa kapena udzu wopyapyala pamwamba pa bedi, kuthirira pamwamba pa sakalo m'mawa ndi madzulo ndi keni ya tizibowo ting'onoting'ono, n'kumasuzumira tsiku lililonse, tikangoyamba kutuluka timasamba tiwiri tosongoka aja saka lichoke. Kuthirira ndi chidebe mokhuthula kumakokolola njere zonse kupita mbali imodzi.

Kenako kupatulira. Iyi ndi ntchito imene imafuna kulimba mtima, chifukwa mbewu zamera bwino mzere wonse uli biriwiri, ndiye uzule zambiri n'kutaya? Koma mukazisiya zothinana mudzakolola timizu towonda ngati zala za mwana. Patulirani kawiri, koyamba zikafika msinkhu wa chala, kachiwiri patapita masabata angapo, mpaka pakati pa mbewu ndi inzake pakhale masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Chitani madzulo dothi lili lonyowa, mukatha thirirani kuti zotsalazo zikhazikike. Za kupatulira kwachiwiri zimakhala ndi timakaroti tating'ono totsekemera, ana amatidya pomwepo tikatsukidwa. Udzu zulani ndi manja, khasu limavulaza mizu. Mapewa a karoti akayamba kuonekera pamwamba kokerani dothi, chifukwa dzuwa likawaomba amasanduka obiriwira ndi owawa.

Madzi ndi nkhani yovuta mu mzinda uno, tonse tikudziwa, mipopi imatha masiku osatulutsa kanthu, anthu amadalira zitsime ndi mijigo. Ubwino wake karoti akakhazikika safuna kuthiriridwa tsiku lililonse ngati repu. Amafuna madzi olowa pansi, kawiri kapena katatu pa sabata malingana ndi dothi, kuti muzu uziwatsatira kunsi. Chimene amadana nacho ndi kuuma kwa nthawi yaitali kenako madzi ambiri mwadzidzidzi, pamenepo amang'aluka. Udzu wouma pakati pa mizere umasunga chinyezi. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimapsereza tomato ndi nyemba m'malo otsika, karoti amachipirira, ndipo kuzizirako kumamuwonjezera kutsekemera. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mwayamba kuzula.

Za mitundu, m'masitolo a mbewu m'tauni mupeza kwambiri Nantes, Chantenay ndi Kuroda. Awiri oyambawo mayina awo ndi a malo a ku France, Kuroda ndi wa ku Japan. Ine Nantes ndimamukonda pa nyengo yozizira, ndi wofewa, wotsekemera, mtima wake wapakati ndi waung'ono. Kuroda amapirira kutentha komanso chiwawu cha masamba chimene chimavuta nthawi ya dzinja, ndiye amene akufuna kulima mvula ikugwa ayambire ameneyo. Mdani wina amene simumuona ndi maso ndi tinyongolotsi ta m'dothi timene timatupitsa mizu timfundo timfundo, timakonda dothi lamchenga lomwe ndalitamali, makamaka pamene pakhala tomato kapena therere zaka zotsatizana. Musadzale karoti pamalo otero, sinthanitsani ndi chimanga kapena anyezi.

Pali ena, makamaka achinyamata amene amaonera mavidiyo pa YouTube, amene ayamba kufunsa za kufuna karoti wam'tchire. Apa ndiyankhule mosabisa. Ife kuthyola ndiwo m'tchire timakudziwa, chisoso, bonongwe, luni, denje, bowa nthawi ya mvula, zonsezi amayi athu anatiphunzitsa ndipo zimamera ngakhale m'mphepete mwa njanji ndi m'minda ya m'madambo a mu Harare. Koma banja la karoti ndi lina. Muli zabwino monga koriyanda, pasile ndi selari, mulinso zakupha, monga hemlock amene anapha Socrates, munthu wanzeru wachigiriki, ku Athens mu 399 BC, ndipo masamba ndi maluwa ake oyera aja amafanana kwambiri ndi a karoti wam'tchire moti ngakhale kwawo ku Ulaya ndi ku America anthu amapusitsika n'kufa. Mavidiyo amenewo ajambulidwa m'tchire la kwina, si lathu. Chomera chilichonse cha masamba onga a karoti chimene simunafese nokha, chisiyeni, ndipo ana auzeni zomwezo. Wachibale wa karoti amene tili naye m'tchire lathu ndi mtengo wa mpoloni, umene umamera m'malo a miyala kuno ndi kumudzi komwe, ukafikisa tsamba lake limanunkhira karoti, ndipo anyamata akale ankaboola nthambi zake kupanga timfuti toseweretsa. Umenewo ndi wongoudziwa, si ndiwo.

Nkhani ya maso ija aliyense anaimvapo, idya karoti uziona usiku. Ili ndi mbali yoona ndi mbali yokokomeza. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, cha mu 1940 ndi 1941, oyendetsa ndege za nkhondo a ku Britain monga John Cunningham ankagwetsa ndege za Germany usiku mothandizidwa ndi radar, makina ozindikira pamene pali ndege ina ngakhale mumdima, imene inali m'ndege zawo, ndipo nkhani imene inafalitsidwa inali yoti amadya karoti wambiri. Boma lawo linalinso ndi karoti wochuluka pamene shuga ndi zakudya zina zinali zoperewera, ndiye linalimbikitsa anthu kumudya, mpaka kujambula kamunthu kotchedwa Doctor Carrot. Choona chake n'chakuti mtundu wa olenji uja umachokera ku beta-carotene, imene wasayansi wa ku Germany dzina lake Wackenroder anaipatula koyamba mu 1831, ndipo thupi limaisandutsa vitamini A. Munthu amene vitamini A akumuperewera amayamba kusaona bwino kukada, ana amadwaladwala, chikuku chimawagwira mwamphamvu, ena mpaka kuchita khungu. Kwa woteroyo karoti amathandizadi. Kwa amene ali bwino kale sawonjezera maso ena. Vuto la kuperewera kwa vitamini A m'dera lathu lino ndi lenileni, n'chifukwa chake Zimbabwe inalamula mu 2017 kuti shuga ndi mafuta ophikira aziwonjezeredwa vitamini ameneyu, n'chifukwa chakenso kuli chimanga cha olenji, ndipo kumudzi kuli mbatata za olenji monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Bedi limodzi la karoti kuseli kwa nyumba likugwira ntchito yomweyo, mwana akudya chinthu chimene waona chikukula.

Pophika pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense adziwe, beta-carotene imalowa bwino m'thupi karoti akaphikidwa pang'ono komanso pakakhala mafuta. Ndiye kaphikidwe kathu ka masiku onse, kukazinga anyezi ndi tomato m'mafuta pang'ono, kapena kutendera ndi nsinjiro, n'koyenera kale, sitikufunika kuphunzira za ku hotela. Kwathu timamuika mu nyemba zikatsala pang'ono kupsa, woduladula timabokosi, msuzi umakhala wokoma ndi wokhuthala. Mu kabichi wokazinga timamupala n'kumuika limodzi, ndipo kabichi amene ana ankamukana amatha. Mu nyama ya mafupa ndiye musanene. Azakhali anga amaphika karoti wotendera, amamuwiritsa pang'ono ndi tomato ndi mchere, n'kuthira nsinjiro kapena chiponde, moto wapansipansi mpaka mafuta a mtedza ayambe kuonekera pamwamba, ndipo ndi nsima zimayenda bwino kwambiri, alendo amafunsa kuti ndi maungu kapena chiyani. Kwa mwana woyamba kudya, wowiritsa n'kupota, kusakaniza mu phala ndi kasupuni ka nsinjiro. Chokhacho musamuwiritse m'madzi ambiri mpaka kufeweratu n'kutaya madziwo. Masamba ake nawonso amadyedwa, anthete aja a popatulira, ali ndi kafungo kamphamvu ndiye ndi bwino kuwasakaniza ndi mpiru kapena bonongwe.

Amene alibe malo, Mbare Musika ilipo, ngakhale moto wa mu Okutobala 2024 unawononga katundu wa amalonda ambiri pamenepo. Alimi amabwera m'bandakucha kuchokera ku Domboshava, Murehwa, Mutoko, ena kutali ku Nyanga, ndipo ukalawirira umapeza karoti wozulidwa dzulo lake, dothi likadali lonyowa. Sankhani wolimba, wosalala, wosang'aluka, osati wamkulu kwambiri chifukwa ameneyo mtima wake umakhala wolimba. Mutsukeni bwino ndi madzi aukhondo ndipo ngati mukudya wosaphika mupaleni, tonse tikukumbukira kolera ya 2008 ndi ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, ndipo si madimba onse a m'mphepete mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba amene amathiriridwa ndi madzi abwino. Ichi ndi chifukwa china chimene ine ndimalimbikira kulima ndekha, ndimadziwa madzi amene alowa.

Mukazula wanu kapena mukagula wa masamba, dulani masambawo tsiku lomwelo chifukwa amapitiriza kukoka madzi mu muzu, pofika mawa karoti wafota. Magetsi akamavuta musadalire filiji, tengani chidebe kapena bokosi, ikani mchenga wonyowa pang'ono, yalani karoti wosatsuka osagundana, mchenga wina pamwamba, n'kuika pamalo ozizira a mthunzi, amakhala masabata ambiri ali bwinobwino. Koma njira yosavuta kwambiri ndi kusafesa paketi yonse tsiku limodzi. Fesani mizere iwiri kapena itatu, pakatha masabata atatu ina, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, ndiye muzizula amene mukufuna kuphika tsikulo enawo akudikira m'dothi. Wofesa mu Ogasiti akhale Kuroda, ndipo muphimbireni udzu wokwanira chifukwa adzakumana ndi dzuwa la Okutobala asanakhwime.